Kodi amatigulitsa filimu kapena ubwana wathu?

Funso: Ndine bambo wa zaka 46, ndili ndi ana awiri, ndipo mafilimu ndinayamba kuwakonda ndili mnyamata. Chikundidabwitsa n'chakuti mafilimu akuluakulu a masiku ano ambiri ndi omwe aja tinkaonera kale, angowapatsa nambala ina. Ndikaona kafilimu kotsatsa, nyimbo yakale n'kulira, kenako munthu amene ndinkamukonda n'kutulukira ali ndi imvi, thupi lonse limachita tsembwe ndipo ndimakagula tikiti. Nthawi zambiri ndimabwerako wokhumudwa, koma ulendo wina ndimapitanso. Kodi akutipusitsa? Nanga njira imeneyi imayenda bwanji?

Yankho: Bambo, mtima ukhale pansi, simukupusitsidwa monga amapusitsidwira munthu amene amugulitsa katundu wabodza. Tsembwe mumachitalo n'lenileni ndipo n'lanu. Komabe n'zoona kuti alipo anthu amene ntchito yawo ndi kudziwa mphindi imene tsembwelo lidzakugwireni, ndipo amayamba kuikonzekera filimu isanajambulidwe n'komwe. Ntchito yanga ndi yophunzitsa za kutsatsa malonda, koma mafilimu ndimawakonda ngati mmene mumawakondera inu, choncho funso lanu landikhudza kawiri.

Chimene chimakugwiranicho ndi kupukwa, monga mmene mwana amapukwira mayi ake akachoka, kapena munthu amene wakhalitsa kutali amapukwira kwawo. Azungu amati nostalgia, liwu limene analipeka Johannes Hofer, wophunzira zaudokotala ku Basel, m'chaka cha 1688. Analumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kubwerera kwanu, lina lotanthauza ululu, pofotokoza za anthu a ku Switzerland amene ankachita kudwala akakhalitsa kunja. Kwa nthawi yaitali madokotala ankakuyesa matenda. Maganizo amenewo anasintha, makamaka chifukwa cha kafukufuku wa Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut a pa yunivesite ya Southampton. Iwo anapeza kuti anthu akawapempha kufotokoza zimene amapukwa, nkhani zawo zimadzaza ndi anthu ena: makolo, abale, anzawo a paubwana. Anapezanso kuti kupukwa kumabwera kwambiri munthu akasungulumwa, ndipo kumamuthandiza kumva kuti sali yekha.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Inu simupukwa filimuyo. Mumapukwa mnyamata amene anaionera, amene anakhala naye pafupi tsiku limenelo, ndi mmene dziko linkaonekera lalikulu pa nthawiyo. Filimu ndi chitseko chabe. Kampani yopanga mafilimu sinalipire kalikonse kuti mukhale ndi mchimwene amene munkaseka naye, kapena bambo amene anakutengani kukaonera, koma ikaliza nyimbo ija zonsezo zimadzuka n'kuyamba kuigwirira ntchito kwaulere. Palibe wotsatsa malonda amene angapange chinthu champhamvu chotero m'miyezi itatu, ngakhale atapatsidwa ndalama zochuluka bwanji.

Ndipo kupukwa kumamasula dzanja. Mu 2014 Jannine Lasaleta, Sedikides uja ndi Kathleen Vohs anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti munthu amene wangokumbutsidwa zakale saumirira ndalama ngati mmene amachitira nthawi zonse, amalolera kulipira zambiri. Kale mu 1989 Morris Holbrook ndi Robert Schindler anali atasonyeza kuti nyimbo zimene anthu amazikonda moyo wawo wonse ndi zimene zinatchuka iwo ali achinyamata, makamaka cha m'ma zaka 24. Zokonda za paunyamata sizifufutika. Ndiye tawerengani monga amawerengera a makampani. Mwana amene anali ndi zaka 10 pamene Jurassic Park inatuluka mu 1993 anali ndi zaka 32 mu 2015. Ali pa ntchito, ndalama ndi zake, mwinanso ali ndi mwana woti amutenge. Chaka chimenecho Jurassic World inatuluka n'kupeza madola oposa 1.6 biliyoni padziko lonse. N'chifukwa chake mudzaona kuti nkhani zambiri zimaukitsidwa pakatha zaka 20 kapena 30.

Tisaiwale mantha a eni ndalama, pakuti ndi amene amayendetsa zonsezi. Filimu yaikulu masiku ano imadya madola 200 miliyoni kapena kuposa kuti ipangidwe, ndipo kuitsatsa padziko lonse kumatha kudyanso oposa 100 miliyoni. Pa ndalama za matikiti, pafupifupi theka limatsala kwa eni nyumba zoonetsera mafilimu. Munthu amene waika chuma chotere pa chinthu chimodzi tulo sabwera. Nkhani yatsopano imafuna kuti wotsatsa ayambe wakuuzani kuti munthuyu ndani, dziko lake n'lotani, nanga n'chifukwa chiyani muyenera kusamala za iye. Nkhani yakale safunika kuifotokoza, dzina lokha pa chithunzi latha ntchito. Pamene Disney inagula Lucasfilm mu 2012 pa mtengo wa madola oposa 4 biliyoni, sikuti inkafuna makamera ndi maofesi. Inkagula malo amene Star Wars inali itapeza kale m'mitima ya anthu kuyambira 1977.

Tsopano taonani mmene luso lake limayendera, chifukwa ndi luso ndithu ndipo ena amalidziwa bwino. Mu April 2015, ku Anaheim m'chigawo cha California, anaonetsa kafilimu kotsatsa The Force Awakens, filimu yatsopano ya Star Wars. Mbali yaikulu inali ya nkhope zachilendo ndi malo achilendo. Kenako chithunzi chinada, ndipo kumapeto kwenikweni anatulukira Harrison Ford, amene anali asanasewere Han Solo, mmodzi wa ngwazi za Star Wars, kuyambira 1983, ataima ndi Chewbacca, mnzake waubweya wa m'nkhaniyo, n'kumuuza kuti afika kwawo. Taganizirani: liwu la Hofer lija limanena za ululu wofuna kubwerera kwanu, ndipo apa munthu wa m'filimu akuuza oonera maso ndi maso kuti abwerera kwawo. Anthu akuluakulu analira, ena anadzijambula akulira n'kuika pa YouTube, ndipo misozi yawoyo inasanduka malonda ena amene kampani sinalipire. Filimuyo inapeza madola oposa 2 biliyoni.

Dongosolo limenelo muliyang'anitsitse ulendo wina. Chakale sachiika poyamba. Amayamba akusungani ndi zachilendo, mtima uli m'mwamba, kenako amakupatsani chimene mukuchidziwa, ndipo mpumulo umene mumamva ndi umene mumatuluka nawo. Nyimbo nayonso saiimba monga inalili. Amaichedwetsa, amailiza pa piyano yokha, manotsi anayi kapena asanu, kuti ubongo wanu umalizitse wokha. Chinthu chimene wamaliza wekha m'mutu chimakoma kuposa chimene wapatsidwa chathunthu. Nyimbo zimene John Williams anapeka za Star Wars, Indiana Jones ndi Jurassic Park zagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambirimbiri, ndipo ndikhulupirira kuti zagulitsa matikiti ochuluka kuposa nkhope ya wosewera aliyense.

Nthawi zina nyambo imakhala chinthu, osati munthu. Skyfall inatuluka mu 2012, patatha zaka 50 chiyambire mafilimu a James Bond mu 1962, ndipo mkati mwake Bond amatsegula galaja n'kutulutsa galimoto ya Aston Martin DB5 imene inayamba kuoneka mu Goldfinger mu 1964. Nthawi zina nyambo imakhala kubisa. Potsatsa Spider-Man: No Way Home mu 2021, anaonetsa adani akale, Alfred Molina ndi Willem Dafoe, koma anabisa zoti Tobey Maguire ndi Andrew Garfield, amene anasewerapo Spider-Man kuyambira 2002 ndi 2012, alimo. Garfield anakana kambirimbiri atolankhani akamufunsa. Anthu anathamangira kukaonera sabata yoyamba kuopa kuti wina angawaululire, ndipo filimuyo inapeza pafupifupi madola 1.9 biliyoni pa nthawi imene mliri wa Covid unali usanathe.

Palinso ana anu awiriwo, amene otsatsa amawawerengera ngakhale inu simunaganize. Kholo limafuna kupatsira mwana chimene linakonda, ndipo chikhumbo chimenecho n'chabwino. Kwa kampani chimatanthauza matikiti atatu m'malo mwa imodzi. The Lion King ya 1994 anaipanganso mu 2019, kafilimu koyamba koitsatsa kanatsanzira chiyambi cha yakale ija pafupifupi chithunzi ndi chithunzi, ndipo James Earl Jones anabwereranso kudzapereka mawu a Mufasa. Inapeza madola oposa 1.6 biliyoni.

Mpaka apa zikuoneka ngati njirayi silephera. Imalephera, ndipo kukhumudwa kwanu kuja kukuchokera pamene imalepherapo.

Kupukwa kumafikitsa munthu pakhomo, koma sikungamukhazike pampando maola awiri. Nkhope yakale ikatulukira mumasangalala kwa mphindi imodzi, kenako mtima umafunsa kuti nanga tsopano? Ngati yankho palibe, chimene chimatsala ndi kuyerekezera, ndipo poyerekezera filimu yatsopano imagonja nthawi zonse, chifukwa sikupikisana ndi filimu yakale ija ayi. Ikupikisana ndi mmene munamvera muli ndi zaka 12, chinthu chimene ngakhale filimu yakaleyo singakubwezereni mutaionera lero. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. Taonani mmene mafilimu atatu a Star Wars anayendera: ya 2015 inapitirira madola 2 biliyoni, ya 2017 inapeza 1.3 biliyoni, ya 2019 inangopitirira pang'ono 1 biliyoni, ngakhale anachita kuukitsa mdani wamkulu wakale amene tonse tinamuona akufa mu 1983. Pakati pake panatuluka Solo mu 2018, yofotokoza unyamata wa Han Solo yemwe uja anthu anamulirira, ndipo sinafike ngakhale madola 400 miliyoni. Zifukwa zinalipo zingapo, koma chimodzi n'chakuti munthu sungapukwe chinthu chimene ukuchiona chaka ndi chaka. Kupukwa kumafuna kuti chinthucho chiyambe chasowa. Mu 2015 anthu anali atadikira zaka 10 chitulukire filimu yomaliza, mu 2018 anali atadikira miyezi isanu.

Terminator: Dark Fate ya 2019 inabweza Linda Hamilton patatha zaka 28, Arnold Schwarzenegger analimo, James Cameron, amene anatsogolera mafilimu awiri oyamba a Terminator, anali m'gulu la oipanga, koma inapeza madola ongopitirira 260 miliyoni ndipo inaluza. Indiana Jones and the Dial of Destiny ya 2023 inadya pafupifupi madola 300 miliyoni poipanga n'kupeza osakwana 400 miliyoni. Harrison Ford anali ndi zaka 80, ndipo koyambirira kwa filimuyo anamubwezera unyamata ndi kompyuta. Amene anapita kukaonera ambiri anali achikulire. Achinyamata analibe chowakokera, pakuti sungapukwe kumene sunakhaleko.

Mfundo imeneyi imaoneka bwino kwambiri ku China. Star Wars yoyamba sinaonetsedwe m'nyumba za mafilimu za kumeneko mu 1977, choncho kunalibe m'badwo umene unakula nayo. The Force Awakens inapezako madola pafupifupi 124 miliyoni chifukwa anthu ankafuna kuona chimene dziko lonse likukamba. Yotsatira inapeza cha m'ma 42 miliyoni, yachitatu cha m'ma 20 miliyoni. Oonera a kumeneko anaiona filimuyo monga ilili, popanda ubwana wawo kuithandiza.

Ndiye kodi mafilimu onse otere ndi achabe? Ayi, ndipo apa ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ena mwa iwo ndi abwino zedi. Kusiyana kwake ine ndimakuona chonchi. Filimu yofooka imanamizira kuti nthawi sinadutse. Imakupatsani munthu yemwe uja, chovala chomwe chija, nthabwala yomwe ija, ngati kuti zaka 30 zinali usiku umodzi. Filimu yabwino imavomereza kuti nthawi yadutsa, kwa munthu wa m'filimuyo ndiponso kwa inu, ndipo kudutsa kwa nthawiko kumakhala nkhani yake.

Toy Story yoyamba inatuluka mu 1995. Yachitatu inatuluka mu 2010, ndipo mwana mwini zidole uja anali atakula, akunyamuka kupita ku koleji, akusowa chochita ndi zidole zake. Ana amene anaonera yoyamba ija anali pa msinkhu womwewo, nawonso akulongedza katundu kuchoka pa makolo. Filimuyo inawauza zoona za moyo wawo pa nthawi imene zinkawachitikira. Creed ya 2015, imene anatsogolera Ryan Coogler, inatenga Rocky wa 1976 n'kumusandutsa nkhalamba yodwala khansa imene ikuphunzitsa nkhonya mwana wa mnzake amene anamwalira. Nkhani inali ya mnyamatayo, Michael B. Jordan, ndipo Sylvester Stallone, wosewera Rocky, anavomera kukhala pambali. Zotsatira zake n'zakuti Creed yachitatu ya 2023 inatuluka Stallone mulibe, n'kupeza ndalama zambiri kuposa iliyonse ya ziwiri zoyambazo. Achinyamata anali atapeza munthu wawowawo.

Top Gun: Maverick inabwera mu 2022, patatha zaka 36. Poyitsatsa anagwiritsa ntchito zonse ndatchula zija, nyimbo, jekete, njinga yamoto, ndege zikunyamuka pa sitima ya nkhondo dzuwa likutuluka. Koma mkati mwake munali munthu amene anzake onse anakwezedwa iye n'kutsala, amene akuuzidwa kuti ndege zopanda woyendetsa zidzamulanda ntchito. Val Kilmer, amene anasewera m'filimu yoyamba ija, anali atadwala khansa ya pakhosi moti kulankhula kunali kovuta, ndipo sanabise, anaika kudwalako m'nkhani. Osewera anawakweza m'ndege zenizeni za nkhondo makamera ali momwemo, moti mwana amene sanamvepo za filimu ya 1986 anali ndi chake choti agwire mpando. Inapeza pafupifupi madola 1.5 biliyoni. Ngakhale Skyfall ija, galimoto yakale itagwira ntchito yake yokusangalatsani, amaiphulitsa inu mukuona. Ndimalemekeza opanga filimu amene amalimba mtima chotero.

Pali mbali ina imene imandivutitsa maganizo, ndipo sindibisa. Peter Cushing, amene anasewera mu Star Wars yoyamba, anamwalira mu 1994, koma mu 2016 nkhope yake inaoneka ikulankhula mu Rogue One, filimu ina ya Star Wars, yopangidwa ndi kompyuta pa thupi la wosewera wina. Harold Ramis anamwalira mu 2014, ndipo anamuonetsanso mu Ghostbusters: Afterlife ya 2021. Osamalira za malemuwa anavomereza, ndipo ndikudziwa kuti oonera ambiri anakhudzidwa moona mtima. Komabe mwini nkhope sanafunsidwe, ndipo sangakane. Nkhani ya kugwiritsa ntchito nkhope ndi mawu a munthu mwa njira imeneyi inali imodzi mwa zimene zinachititsa osewera a ku Hollywood kunyanyala ntchito masiku 118 mu 2023. Kwa ine, malonda akafika poukitsa akufa kuti adzaitanire anthu pakhomo, tiyenera kuima kaye n'kudzifunsa ngati chimene tikufunacho n'choyenera kuchipeza.

Chinanso n'chakuti ndalama iliyonse yopita ku nkhani yakale ndi ndalama imene nkhani yatsopano yamanidwa. Zonse zimene tikuzipukwa lero zinali zachilendo tsiku lina, ndipo wina anaika chuma chake pa chiswe kuti zikhalepo. George Lucas mwiniwake poyamba ankafuna kupanga filimu ya Flash Gordon, nkhani ya m'zaka za m'ma 1930 imene ankaikonda ali mwana. Analephera kugula chilolezo. Atamukaniza m'pamene anakhala pansi n'kulemba Star Wars. Kupukwa kwake kunali komweko, koma popeza chitseko chakale chinatsekedwa, kunabala chinthu chimene ana a 1977 anachitcha chawo. Akanamulola, bwenzi lero kulibe Han Solo woti anthu amulirire. Kampani imene imangodya za m'nkhokwe osalima idzapeza kuti ana a lero alibe chimene adzachipukwe mu 2050.

Nanga inu mutani? Kupita musasiye, ndipo musachite manyazi ndi tsembwe lija. Koma yesani zinthu ziwiri. Mukamaonera kafilimu kotsatsa, chotsanimo m'maganizo nyimbo yakale ndi nkhope zakale, muone chimene chatsala. Ngati patsala munthu amene mukufuna kudziwa za iye, kapena funso limene mukufuna yankho lake, filimuyo ili ndi chake. Ngati patsala kuphulika kwa zinthu kokha, ndiye kuti chimene akukugulitsani muli nacho kale kunyumba, ndipo mungachite bwino kuonera yakale ija ndi ana anu.

Chachiwiri, dikirani sabata yachiwiri. Sabata yoyamba imaonetsa mphamvu ya otsatsa, yachiwiri imaonetsa zimene oonera akuuza anzawo, ndipo ziwerengero zake zimalengezedwa poyera Lolemba lililonse. Ku America, ndalama za Top Gun: Maverick zinatsika ndi 29 peresenti yokha pa mapeto a sabata yachiwiri, chinthu chosowa kwambiri pa filimu yaikulu chotero, pamene za Indiana Jones ya 2023 zinatsika kupitirira theka. Masiku asanu ndi awiri okha akhoza kukupulumutsirani matikiti atatu.

Ndipo mukapita ndi anawo, pobwerera muwafunse kuti ndani amene wawasangalatsa. Akatchula munthu watsopano amene inu simunamulabadire n'komwe, musawakonze kapena kuyamba kuwafotokozera za wakale uja. Afunseni chifukwa chake, muwamvetsere mpaka amalize.